Funso Lachitatu la Wapampando

Inu amene mwafika m'tauni ya Kasekese dzanadzanali, mukamadutsa kuseri kwa positi ofesi yakale mumangoona chinyumba cha malata adzimbiri, mbuzi zitagona pakhonde, ndipo mumapitirira osafunsa. Masiku ano anthu safunsa kanthu, amangothamanga. Koma nyumba imeneyo ili ndi dzina. Inali Kalabu ya Chiyanjano, ndipo amene anaiumbira njerwa anali anthu amene tauni yonse inkawavulira chipewa.

Anali amuna asanu ndi mmodzi, onse odziwa cholembera. Nthawi imeneyo azungu a paboma anali ndi kalabu yawo kumtunda, kumene munthu wakuda ankalowa pokhapokha atanyamula thileyi. Tsono awa anati, nafenso timange yathu, ndipo anamangadi. Chomvetsa chisoni n'chakuti kumtundako sanatengereko khonde ndi mipando yokha. Anatengerakonso chitseko. Anagwirizana kuti wolowa m'Chiyanjano akhale wa setifiketi ya sukulu, wa tayi ndi jekete, ndiponso kuti oyambitsa okha ndiwo aziweruza za munthu wofuna kulowa.

Ankakumana Lachisanu lililonse dzuwa likapendeka. Wapampando, a Sailesi Mangulenje, amene anali bwana wa positi, ankatsegula msonkhano poliza kabelu kamkuwa. Munthu akapereka ganizo, wapampandoyo ankafunsa katatu ngati pali womuikira kumbuyo, kumene iwo ankakutcha kusekonda. Wina akaimirira n'kunena kuti "Ndasekonda," ganizolo linkakhala ndi moyo. Funso likafunsidwa kachitatu popanda woyankha, ganizolo linkafera pomwepo. Ndipo panalibe wololedwa kunyamuka kupita kwawo kabelu kasanalirenso, kaya kugwe mvula ya matalala, kaya kubwere uthenga wa mwana wodwala. Lamulo limeneli ankalinyadira koposa onse.

Mmodzi wa iwo anali a Jelemiya Kadzakumanja, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya paboma, amene aliyense ankangowatchula kuti aHedi. Anali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, dzina lake Fanuelo. Mwanayu anagwa mumtengo wa mango ali wamng'ono, ndipo mwendo wake wamanzere sunawongokenso. Akamabwera mumamudziwira patali: phazi limodzi kuponda, linalo kukokota pansi. Sukulu nayo inamukana. Ana a anthu wamba ankakhoza mayeso m'manja mwa aHedi, koma wawo yemwe anakathera kumsika, kukhoma zidebe ndi mbaula pansi pa mtengo wa kachere. Zidebe zake sizinkadontha, ndipo amayi ankazilimbirana. Koma aHedi akamachokera kusukulu ankazungulira njira ya kuchipatala kuti asamve kulira kwa hamala yake.

Amene ankamukonda Fanuelo anali a Lasitoni Kaphwiti, mmodzi wa oyambitsawo, wothandizira dokotala, munthu wa pakamwa posatseka. Iwowa ndiwo anati nthawi yakwana yoti ana a oyambitsa alowe m'kalabu, wa setifiketi ndi wopanda yemwe, ndipo woyamba akhale Fanuelo, amene panthawiyo anali kale munthu wandevu. Anakambirana ndi aHedi kuseri, aHedi n'kulonjeza kuti adzasekonda. Tsiku la msonkhano Fanuelo anasamba, anavala jekete ya ukwati wa msuweni wake, n'kubwereka tayi kwa a Kaphwiti. Kumanga tayi sankadziwa, moti mfundo yake inapendekera kuphewa. Anamuuza kuti aime pakhonde mpaka amuitane.

A Kaphwiti anapereka ganizo lawo. A Mangulenje anafunsa koyamba. AHedi anasuzumira pazenera, n'kuona mwana wawo ataima moyang'ana chitseko, chipewa m'manja, zala zakuda ndi makala. Anaonanso mlembi wa kukhoti, amene anakhala moyang'anizana nawo, akubisa kumwetulira m'dzanja. Sanaimirire. A Mangulenje anafunsa kachiwiri. M'nyumba munali zii, nyali yopopa yokha ikufwenthera. Kenaka wapampando anatsamira tebulo kuti afunse kachitatu, anatsegula pakamwa, ndipo m'malo mwa mawu anagwa chafufumimba patebulopo.

Anawanyamula mwachipwirikiti kuthamangira nawo kuchipatala. Amene anagwira chitseko kuti adutse anali Fanuelo. Palibe anamuuza kuti lowa, palibenso anamuuza kuti pita kunyumba. A Mangulenje anatsirizikira panjira. M'mawa mwake tayi ya a Kaphwiti inapezeka itakolekedwa pamsomali wa mzati wa khonde, mfundo yake ili chimangire, ndipo mwini zidebe anali atakwera lole ya ku Joni. Kabelu kamkuwa anakafunafuna pansi pa tebulo, m'kabati, ngakhale m'matumba a malemu, koma sikanapezeke.

Kuyambira pamenepo Chiyanjano sichinadzukenso. Wapampando wina sakanasankhidwa, popeza ena ankati msonkhano wakale sunatsekedwe, ena ankati imfa yautseka, ndipo anthu ophunzira akayamba kukangana pa lamulo, nyumba imatha kugwa iwo ali mkati. Anabalalika, anapuma pantchito, anayamba kufa. A Kaphwiti ndi aHedi analeka kulonjerana. Kiyi anatsalira aHedi, ndipo Lachisanu lililonse, kwa zaka zambirimbiri, ankavala suti ndi tayi, kupita kukatsegula, kusesa, kukankhira mipando kutebulo, n'kutseka dzuwa lisanalowe.

Panali kanthu kamene sankauza munthu. Akatsegula, ankapeza mpando wa wapampando utasunthidwa kuchoka patebulo, monga umakhalira munthu akakhalapo. Ankaubwezera, Lachisanu linalo n'kuupezanso chimodzimodzi. Atamwalira mlembi wa kukhoti, mipando yosunthika inakhala iwiri. Atatsatira oyambitsa ena awiri, wa zamalimidwe ndi wa kusitolo ya boma, inakhala inayi. AHedi anali munthu wophunzitsa sayansi. Ankadziuza kuti simenti yapansi inapendekeka.

Kunyumba, akazi awo aNachisale sanawadzudzulepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo kusadzudzulako ndiko kunkapweteka. Hamala ya Fanuelo ndi kachidutswa ka njanji kamene ankakhomerapo ankazipaka mafuta n'kuzisunga pansi pa bedi. Akamva kuti kwa akutiakuti kwafika wa ku Joni, ankamanga mpango n'kupita kukafunsa. Wina ankati anamuona akuwotcherera mageti, wina ankati anakwatira mkazi wa kumeneko, wina sankamudziwa n'komwe. ANachisale ankabwera nazo nkhanizo n'kuziyala pamaso pa amuna awo.

"Ali moyo, bambo a Fanuelo. Munthu wa ntchito zamanja safa ndi njala. Adzabwera."

"Adzabwera," ankayankha aHedi. Mawu amenewa ndiwo ankawadzutsa m'mawa onse awiri.

Zachilendo zenizeni zinayamba chaka china m'miyezi yozizira, anthu atatha kukolola. Lachisanu lina aHedi anatsegula kabati ndipo tayi yawo yofiirira, imene ankapitira kukalabu, munalibe.

"Mayi a Fanuelo, mwachapa tayi yanga?"

"Tayi amachapa? Mwaiika pena nokha. Ukalamba umenewo, musaukane."

Anavala ina. Atafika kukalabu anaipeza yofiirirayo ili pamsomali wa mzati wa khonde, yozizira ngati yagona pamame, chonsecho dzuwa linali litawomba tsiku lonse. Anaiika m'thumba. Lachisanu lotsatira inasowanso, ndipo anaipezanso pomwepo. Anaitsekera m'sutikesi, kiyi n'kumugoneka pansi pa pilo. Sizinathandize.

Kenaka tsiku lina anakumana ndi amayi awiri akuchokera kuchigayo, malichero ndi matumba pamutu.

"AHedi, mwatilembera mlonda kukalabu osatiuza?" anatero wamkuluyo.

"Mlonda wa chiyani? M'menemo muli choba?"

"Nanga uja amaima pakhonde madzulo a Lachisanu, inu mukangochoka? Ife timulonjera, iye duu. Koma ndi waulemu, chipewa chimakhala m'manja."

"Ndi wooneka bwanji?"

"Nkhope tingaione bwanji munthu atatifulatira? Amangoyang'ana chitseko basi, ngati wodikira kuitanidwa kwa dokotala."

Mnzakeyo anawonjezera motsitsa mawu: "Mbuzi zija zinasiya kugonapo pakhondepo. Inu simunaone?"

AHedi anali ataona. Anali ataonanso china. Pafumbi la pakhonde pankakhala chidindo cha nsapato imodzi, ndipo pambali pake mzere wautali wokokota. Ankasesa msangamsanga, maso ali kumbali, akudziuza kuti ndi mbuzi yokoka chingwe.

Sabata yomweyo kunyumba kwawo kunafika aNangondo, mkazi wamasiye wa a Mangulenje, atatsamira ndodo. Anakana mpando, anakhala pamphasa, ndipo atatha malonje sanazungulire.

"AHedi, ndabwera kudzapempha amuna anga."

"Mayi, amuna anu tinawaika tonse. Inu munalipo."

"Munaika suti. Eni ake ali kukalabu kwanuko." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Poyamba ankabwera kutulo kamodzikamodzi. Tsopano ndi Lachisanu lililonse. Amaima pageti, osalowa, akuyang'ana wotchi. Ndikati lowani, chakudya chazizira, amati, 'Sitinatseke, Nangondo, ndikubwera.' Mawu omwe aja a moyo wanga wonse. Ali moyo ndinkawadikira mpaka ndiwo kuuma mumphika. Atafa ndiziwadikirabe? Ine ndatopa, aHedi. Masiku anga atha, ndipo sindikufuna kukafika uko n'kukapeza kuti nakonso ali kumsonkhano."

ANachisale anaseka pang'ono, kenaka anaona kuti mnzawo sakuseka.

"Maloto ndi maganizo a masana, mayi," anatero aHedi.

"Chizungu chimenecho mukauze ana a sukulu. Inu ndinu muli ndi kiyi. Katsekeni msonkhano wanu."

Usiku umenewo aHedi sanadye. M'mawa anavala chipewa n'kuwoloka mlatho kupita kutsidya, kumene a Kaphwiti ankakhala ndi mdzukulu wawo. Anawapeza atagonekedwa pakhonde pampando wa ndalema, mbali imodzi ya thupi itafa, koma pakamwa pali pomwe paja.

"Ha! Ndani uyu? Bwana Hedi mwini wake! Mwasochera, kapena mwabwera kudzayeza bokosi?"

"Ndabwera mwamtendere, a Kaphwiti."

"Mtendere unkadziwa njira ya kuno zaka zonsezi? Khala pansi, Jelemiya, usandiimirire ngati ndalephera samu. Wakalamba moipa. Ine matenda, nanga iwe chako n'chiyani?"

AHedi anakhala pa chitsa. Anafotokoza za mipando, za aNangondo, ndi za tayi. Za munthu wa pakhonde anazisiya, koma a Kaphwiti anali atazimva kale, pakuti m'tauni yaing'ono nkhani imawoloka mlatho msanga kuposa munthu.

"Ndiye ukufuna chiyani kwa ine?"

"Tatsala awiri. Ndikupezerani njinga yakabaza. Ine ndikapereka ganizo loti msonkhano utsekedwe, inu mukasekonde, zithe."

A Kaphwiti anaseka mpaka kutsokomola, mdzukulu n'kubwera ndi madzi.

"Iwe ndi amene unkatiphunzitsa malamulo, lero waiwala? Ungapereke bwanji ganizo latsopano lina lili patebulo? Msonkhano uja sunaime potseka, Jelemiya. Unaima pa funso. Sailesi anafunsa kawiri. Latsala limodzi."

"Ndakhala ndikupitako Lachisanu lililonse. Bwanji safunsa?"

"Afunse munthu wogwira tsache? Tandiuza zoona: chichokere tsiku lija, unakhalapo pampando wako?"

AHedi anapukusa mutu.

"Ndinadziwa. Umasesa n'kuthawa dzuwa lisanalowe. Ine mbali yanga ndinachita, ganizo ndinapereka. Wotsala ndi iwe. Ukakhale pansi, akufunse. Ukakhala chete monga unachitira muja, ganizo lifa, belu lilira, Sailesi apita kwa mkazi wake, ndipo woima pakhondeyo atembenuka n'kumapita osadziwika kuti anali yani. Ukasekonda, chitseko chitseguka." Kenaka mawu awo anafewa. "Ndipo udzamuona wolowayo. Ukudziwa ndi anthu otani amasonkhana m'menemo masiku ano."

"Mwana wanga ali ku Joni," anatero aHedi mwaukali. "Akuwotcherera mageti."

"Mwina. Ine sindinanene kanthu. Tayi yanga ija anandibwezera, ndilibe naye mlandu." Anatseka maso. "Pita, wanditopetsa. Ukandisungire malo, ndikuona ngati sindichedwa."

Sanachedwedi. Mwezi usanathe a Kaphwiti anamwalira, ndipo anawaika Lachitatu. AHedi anaima kumanda kumbuyo kwa anthu, osapempha kulankhula.

Lachisanu lake tayi inasowa monga mwa masiku onse. Anatsegula kabati kuti atenge ina, anaiyang'ana, n'kuibwezera. Anavala suti, kolala ili pululu.

"Mukupita kukalabu opanda tayi?" anafunsa aNachisale. "Akakuthamangitsani."

"Lero ndichedwako pang'ono."

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali.

Dzuwa linali litafiira pamwamba pa mabulugamu a kupositi. Ana ankasewera mpira wachikulunga pabwalo, anyamata a kabaza ankakuwirana pasiteji, ndipo wailesi ya m'golosale inkalira nyimbo zaphokoso za masiku ano. Zonse zinali monga mwa nthawi zonse. Koma atakwera masitepe a khonde, aHedi anamva kuzizira kumbali yakumanzere, ngati adutsa pafupi ndi mtsuko wa madzi. Pamsomali panalibe tayi. Panali kafungo ka makala ndi malata otentha. Sanatembenuze khosi. Analowetsa kiyi, analowa, n'kukankha chitseko kumbuyo kwawo.

Mipando isanu inali itasunthidwa. Wa a Kaphwiti unali utapendekera chammbali, monga ankakhalira mwini wake kuti atambasule miyendo. Umodzi wokha ndiwo unali chikankhire kutebulo.

Apa nkhani ya simenti yopendekeka inatha. AHedi anaima pakati pa nyumba, ndipo anadziwa bwino lomwe kuti m'nyumba imeneyo mumasonkhana akufa okhaokha, ndi kuti amene amadikira pakhonde la akufa sangakhale wamoyo. Chinatsala ndi chimodzi: sanamuone. Malinga ngati sanamuone, wa pakhondeyo akanatha kukhala munthu wina aliyense, mlendo wosochera, mzimu wa mmisiri amene anafolera nyumbayo. AHedi akanatha kubwerera kunyumba n'kukanenanso kuti "Adzabwera," iwo n'kumakhulupirira theka lake, akazi awo n'kumapakabe mafuta hamala ija mpaka tsiku lawo.

Tsache linali pakona. Analiyang'ana, n'kulisiya. Anakoka mpando wawo, anakhala pansi, n'kuika manja patebulo.

Phokoso la panja linayamba kutalikira. Mpira, kabaza, wailesi, zonse zinamveka ngati zili kutsidya la phiri, kenaka zinazimirira. Kuwala kwa pazenera kunasanduka kotuwa. Nyali yopopa inali itachita dzimbiri pa mbedza yake kwa zaka, koma anamva kufwenthera kwake pamwamba pa mutu wawo. Kumanja kwawo mpando unalira pang'ono. Patsogolo pawo wina anapumira m'mphuno, monga ankachitira mlembi wa kukhoti. AHedi sanadzutse maso. Ankayang'ana manja awo okha, ndipo m'mphepete mwa maso ankaona kuti m'mbali mwa tebulo muli mdima wokhuthala kuposa wa m'nyumba monse, wokhala m'malo asanu.

Kumutu kwa tebulo matabwa analira, ngati munthu watsamirapo ndi manja onse awiri. Wina anakonza kukhosi. Mawu ake sanamveke ngati mawu. Anali ngati munthu akulankhulira pansi pa madzi, koma kukwera ndi kutsika kwake aHedi anakudziwa, pakuti anali atakumva kawiri tsiku lija, ndipo kuyambira pamenepo anali akukumva m'tulo.

Kenaka kunagwa bata, bata lodikira.

Anaganiza za aNachisale akumanga mpango kupita kukafunsa alendo. Anaganiza kuti kukhala chete n'kosavuta, anakuchitapo kale, ndipo nthawi ino kukanakhala ngati chifundo. Koma kunja kwa chitseko kunamveka kaphokoso kakang'ono, ka munthu amene waima nthawi yaitali pa mwendo umodzi ndipo akusintha kaimidwe. Kanali kaphokoso koleza mtima, kopanda kudandaula. Ndi kamene kanawathyola.

Anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kuimirira, pakuti lamulo linkati wosekonda aimirire.

"A wapampando," anatero. "Ndasekonda."

Chitseko chinalira pa mahinjesi ake. Mphepo yozizira inalowa ndi fungo la makala. AHedi anatseka maso n'kupemphera pemphero loipa, loti alowe mwana wa munthu wina.

Phazi linaponda pasimenti. Linalo linakokota.

Linapondanso, linalo n'kukokota. Kuyendako kunazungulira tebulo pang'onopang'ono, mwaulemu, kudutsa kumbuyo kwa mpando wa a Kaphwiti, kumene kunaima kanthawi, kenaka kunadzaima pambali pa aHedi. Pamenepo ndi pamene nkhalambayo inakumbukira kuti m'Chiyanjano munali mipando isanu ndi umodzi yokha. Zaka zonse zija, ngakhale tsiku lija lenilenilo, panalibe anaganizapo zoti wolowayo adzakhala pati.

Anasuntha, n'kukokera mpando wawo kumbuyo ndi manja awiri.

"Khala apa, mwana wanga," anatero. "Waima nthawi yaitali."

Mpandowo unalira polandira katundu. AHedi anaimirira kumbuyo kwake ngati wantchito wa kukalabu ya kumtunda, misozi ikutsikira mukolala yopanda tayi. Anafuna kunena zambiri, za zidebe zosadontha, za njira ya kuchipatala imene ankazungulira, za amake. Anatambasula dzanja kuti agwire phewa, koma asanafike, kumutu kwa tebulo kunalira kabelu, kamodzi kokha, momveka bwino ngati kapukutidwa dzulo.

Mipando inakhwekhwerezeka umodziumodzi. Mphepo inadutsa kulowera kuchitseko. Kotsiriza kunali kuponda ndi kukokota kuja, ndipo sikunaime pakhonde. Kunatsika masitepe, kunalowa m'njira, kunka kuchepa mpaka kunasakanikirana ndi phokoso la ana a mpira, limene linali litabwerera.

Atatsegula maso, mipando yonse inali itakankhidwira kutebulo mwadongosolo, monga ankaisiyira kale akaweruka. Pa chotsamira cha mpando wawo panali tayi yofiirira, yomangidwa, mfundo yake itapendekera kumbali.

Sanakiye chitseko. Kiyi anamusiya patebulo.

Kunja kunali kachisisira. Podutsa pa nyumba ya aNangondo anawapeza akulowetsa mpando umene unkakhala pakhonde moyang'ana kugeti.

"Ndalimva belu, aHedi," anatero mayiwo. "Zikomo. Lero ndikhoma chitseko molawirira."

ANachisale anali atakhala pakhomo, nyali ili pambali. Anaona amuna awo akubwera pang'onopang'ono, chipewa m'manja. Anaona tayi ili m'dzanja linalo, ndipo maso awo anaima pa mfundo ija. Amuna awo sanamangepo tayi mopendekeka chibadwire.

"Mayi a Fanuelo," anatero aHedi, "tulutsani mphasa. Ine ndipita ndikauze anansi adzasonkhe moto."

Mayiwo sanasunthe.

"Wakuuzani ndani?"

"Anabwera yekha."

Patali galu anauwa, n'kusiya.

"Munamulowetsa?"

"Ndinamulowetsa. Anakhala pampando wanga."

ANachisale anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva yankho la funso limene analisunga zaka zonse osalifunsa. Anadzuka, analowa m'nyumba, ndipo aHedi anamva akukoka zitsulo pansi pa bedi. Anatuluka atafukata hamala ija pachifuwa monga amafukatira khanda, anakhala pansi pakati pa bwalo, n'kuyamba kulira maliro.